Diso la aZuze ndi Ng'ombe Yotchedwa Sabata

Taonga ndi Yamikani, ana anga, tsiku lija anzanga ankanditsanzika pantchito munamva anthu akusimba za ng'ombe ya ku Sandwe, ndipo ndinakuonani mukundiyang'ana ngati mlendo. Wina anati ndinailasa ndili kutsidya kwa mtsinje. Wina anati ndinali pamwamba pa mtengo, ndipo wina, amene sanapondeko n'komwe ku Sandwe, anati inali njati. Ine ndinangomwetulira n'kuyang'ana mbale yanga, poti mukudziwa kuti pagulu mawu amandithawa. Ndinali wotero kuyambira ndili mtsikana wa sukulu ku Petauke. Aphunzitsi akandiloza ndinkauma pakamwa, koma tikaweruka ndinkakhala kuseri kwa kalasi n'kulemba m'kabuku kanga zonse zimene ndikanayankha. Khalidwe limeneli ndakalamba nalo. Choncho ndikuuzani nkhaniyi mwa njira yokhayo imene ndimaitha, ndipo ndiyambira patali pang'ono kuti muwadziwe anthu ake.

Nyimba, chaka changa choyamba

Nditamaliza maphunziro a zaumoyo wa ziweto ananditumiza ku Nyimba. Ndinatsika basi pamene amagulitsa nthochi paja, nditanyamula sutikesi ya malata ndi mbaula. Mkulu wanga pantchito anali aMweemba, Mtonga wa kumwera, munthu wamtali wa mawu ngati ng'oma. Chinyanja chawo chinkaseketsa ana, koma ng'ombe zinkawamva bwino. Ndinaima pakhomo la ofesi n'kupereka moni, koma moniwo sunafike pamene anakhala.

"Ndimwe aDaka?" anafunsa. Ndinagwedeza mutu. "Nanga mau munasiya m'basi? Titume munthu akawatenge isanafike ku Chipata?"

Ndinachita manyazi. Tsiku lomwelo ananditengera ku khola la mlimi wina n'kundiuza kuti ndilowe ndikapeze ng'ombe yodwala pakati pa zinzake. Sanandiuze kuti ndi iti. Ndinalowa mwakachetechete, monga ndinkalowera m'kalasi ndikachedwa, ndipo ng'ombe sizinathawe. Zinabwera kudzandinunkhiza m'manja. Yodwalayo ndinaipeza itaima payokha, yotupa pansi pa khutu, maso akuchucha misozi. Chinali chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa. AMweemba anaseka atatsamira mpanda. "Basi, mwalembedwa nchito kachiwili. Ng'ombe sizifuna mlaliki. Zokamba na eni ake muzisiyila ine."

Ntchito yathu inali yosowa zambiri. Filiji ya katemera inkayendera palafini, ndipo palafiniyo akatha tinkapita kukapempha madzi oundana kwa mwini bala wina wogulitsa mowa n'kulonga timabotolo m'fulasiki ya tiyi. Singano tinkawiritsa m'kapoto kamene aMweemba analembapo ndi penti kuti wophikiramo tiyi adzamera nyanga. Njinga inali imodzi, ndipo tinkaikwera mosinthana. Komabe ndikawerenga zimene ndinkalemba masiku amenewo, ndimapeza mtsikana wosangalala. Masamba ambiri ndi a ana a ng'ombe amene ndinawaona akuimirira koyamba.

Kacholola ndi Kaumbwe, zaka za njinga

Ku Kacholola ndiko ndinakumana ndi atate anu. Anali mphunzitsi watsopano, ndipo anabwera kudzadandaula kuti nkhuku zawo zagwidwa ndi chidelu. Nkhuku zonse zitatha kufa anapitirizabe kubwera kudzafunsa za nkhuku. Zotsala mukuzidziwa.

Ku Kaumbwe ndinaphunzira kudikira. Akuluakulu ena sankalola kuti mkazi alowe m'khola la ng'ombe. Ine kukangana sindikutha, choncho ndinkadzaza jakisoni, n'kumupatsa mwini wake, n'kuima kunja kwa mpanda. Mwiniyo ankathamangitsana ndi ng'ombe yake mpaka malaya kunyowa, kenako n'kutsamira chipika akupuma movutika. "Amai, lowani chabe, za mwambo tizakamba pambuyo." Ndinkalowa, ndipo za mwambozo sitinkazikambanso. Pochoka kumeneko anthu omwewo anandiperekeza ndi matumba a nsawawa, mtedza uja munadya mpaka kutopa nawo.

Sandwe, zaka zanga zomaliza kumudzi

Atandisamutsira kudera la Sandwe, inu munatsala ku Petauke ndi atate anu chifukwa cha sukulu. Msewu wake mukuukumbukira, uja wogwedeza mano. Kumeneko ndinapeza mabanja amene anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo mtendere utabwera kwawo, iwo anasankha kutsala. Anali alimi akhama, okonda tchalitchi. Amene ndinazolowerana nawo kwambiri anali aZuze ndi akazi awo, amai Lozaliya. AZuze anali munthu wochepa thupi, wa mawu ochepa ngati ine, moti tinkatha kukhala pakhonde nthawi yaitali osalankhula, aliyense n'kuchoka atakhutira ndi kuchezako. Amai Lozaliya ankalankhulira tonse awiri.

Banjali linali ndi ng'ombe ziwiri zolimira, Sabata ndi Lolemba. Anazitcha choncho chifukwa zinabadwa motsatizana masiku. Goli lawo linali limodzi, ndipo munda wonse wa chimanga, wa thonje ndi wa nsawawa unkadalira makosi awiriwo. Chimene chinandidabwitsa, ine wochokera ku Kaumbwe, n'chakuti pakhomo pamenepa khola linali la mkazi. Madzulo aliwonse amai Lozaliya ankasenza beseni la gaga wosakaniza ndi mchere, n'kulowa m'khola akuimba nyimbo za kutchalitchi kwawo ndi kudzudzula ng'ombezo ngati ana.

AZuze anali ndi chinthu chimodzi chimene sichinkachoka m'thumba la jekete lawo. Linali galasi loonera patali, lija amamanga pamwamba pa mfuti, limene osaka amati sikopu. Iwo ankalitcha Diso. Linali lakuda, lokandika, lokulungidwa mu sokisi. M'mawa ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba n'kuyang'anira nalo ng'ombe zawo kudambo. Tsiku lina anandibwereka. Ndinaona Sabata pafupi ngati ndingamugwire mphuno, koma pakati pa chithunzicho panali timizere tiwiri takuda topingasana, kamtanda kolozera polasa. Pamenepo ndi pamene anandiuza kuti analitola m'tchire pothawa nkhondo, pafupi ndi galimoto yopsa. Mfuti yake panalibe, ndipo iwo sanaifune. Ulendo wonse ankakwera m'mitengo n'kuyang'ana njira ya kutsogolo asanauze mkazi ndi ana kuti atuluke m'udzu. "Linatifikitsa kuno," anatero, n'kulibwezera mu sokisi.

Mwezi wa Novembala, mvula ili pafupi

Chaka chimenecho mitambo inayamba kusonkhana msanga, ndipo aliyense anali atanola kale pulawo. Ndiye Sabata anaponda msampha wa waya umene wina anatchera nguluwe m'mphepete mwa dambo. Anazula chikhomo chake n'kuthawa, koma waya unatsala utamanga mwendo wakumbuyo, ndipo akamakoka, umalowa m'mnofu. Anabisala m'nkhalango ya minga kumunsi kwa dambo. Ng'ombe imene ana ankaikwera pamsana inasanduka chilombo. Amuna atapita ndi zingwe, inawathamangitsa, ndipo mmodzi anabwerako buluku litang'ambika mpaka m'chiuno. Ine nditafika ndinaiona ndi Diso ndili patali. Mwendo unali utatupa ngati mtondo, ntchentche zili ng'waa.

Anthu anayamba kunena zimene amanena nthawi zotere. Mnansi wina anali ndi mfuti ya gogodela, ndipo anabwera nayo pakhomo ataipachika paphewa. "AZuze, lekani tiiphe ikali na nyama. Ikafa yokha muzataya zonse." Sanali munthu woipa, ndipo zimene ankanena zinali zoona. Koma Sabata akafa, Lolemba sakanakoka goli yekha, ndipo munda wa banja lonse ukanagona chaka chimenecho. AZuze anandiyang'ana. Ndinapempha kuti andipatse masiku awiri.

Ndinakwera pachulu chomwe chija, poti ndi pokhapo foni inkagwira, n'kuimbira aMweemba. Nthawi imeneyo anali mkulu wa ife tonse ku Petauke, tsitsi litayera, atatsala pang'ono kupuma. Ndinapempha mfuti ya jakisoni, ija yogonekera nyama zolusa. Anaseka mpaka foni kunjenjemera. Mfutiyo inalipo, koma timabotolo ta mpweya toiyendetsa tinatha kalekale. Kenako ananena kuti, "Dikilani. Mu sitolo muli chinthu china."

M'mawa mwake anafika pa njinga yamoto ali mbuu ndi fumbi, atamanga thumba lalitali kumbuyo. Munali uta umene anasiya alendo ena ofufuza matenda a nyama zakutchire ntchito yawo itatha. Si uta ngati wa makolo. Ndi waufupi, wolimba kwambiri, womangidwa chopingasa pa thupi longa la mfuti, ndipo umauika paphewa n'kukoka kachitsulo ndi chala. Mivi yake inali majakisoni, oti akalasa nyama mankhwala amalowa okha. Anthu anautcha uta wamfuti. Vuto linali lakuti pamwamba pake, pamene payenera kukhala cholozera, panali kanjanji kopanda kanthu. Cholozeracho chinasowa kalekale. AMweemba anati maso awo atha, wolasa ndikhala ine. Ndinayesa kuloza mtengo ndi maso okha ndili patali, monga mmene Sabata akanatilolera kufika, ndipo muvi unapita kukagwera m'munda wa maungu.

AZuze anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa sokisi ija. Diso linali likadali ndi timiyendo take tiwiri tomangira pa mfuti. Analiika pakanjanji kaja, ndipo linakhala ngati linabadwira pomwepo.

"Yayi, bambo," anatero aMweemba. "Ndikuuzeni zoona. Mfuti ikalila imakankha kumbuyo, paphewa, ndipo amene anapanga galasi ili anamanga zam'kati kuti zipilile kugunda kumeneko. Uta uyu ni wina. Chingwe chikafika pothela, umatsomphokela kutsogolo n'kunjenjemela thupi lonse. Namva kuti magalasi ena olimba amapilila, koma ili ni nkhalamba ngati ine. Lingafe."

"Likafa lafa," anayankha aZuze. "Galasi silikoka pulawo."

AMweemba anandiyang'ana. "ADaka, dela ni lanu, phewa ni lanu. Mukakana, na ine nakana."

Ana anga, pa zaka zonse za ntchito yanga sindinavutikepo kuyankha ngati tsiku limenelo. Ndinkadziwa chimene galasi limenelo linali kwa banjali. Ndinkadziwanso kuti aMweemba sanama pa nkhani ya zida. Ndinayang'ana amai Lozaliya kuti andithandize, koma kamodzi kokha pamoyo wawo anali chete. Kuseri kwawo mnansi uja anali atakhala pamwala, gogodela ili pamiyendo, akuyang'ana mitambo. Ndinati timange. AZuze anamanga okha ndi sipanala ya njinga.

Tsiku lomwelo, kumunda wa nthochi

Tinapita kukayesera pa thunthu la nthochi. AMweemba anajambulapo bwalo ndi khala, lalikulu ngati thako la ng'ombe, ndipo tinadzaza mivi ndi madzi kuti tisaononge mankhwala. Mudzi wonse unatitsatira. Chingwe chinali cholimba moti pochikoka ndinkaponda uta ndi phazi, aMweemba n'kumandithandiza akubuula ngati ndi iwo akubereka.

Nditaika diso pagalasi ndinaona zobiriwira zokhazokha. Galasi la mfuti linapangidwira zinthu zakutali, ndiye thunthu lapafupi linadzaza ponseponse, ndipo ndinavutika kupeza pamene panali bwalo. Nditalipeza ndinaikapo kamtanda n'kukoka. Muvi unagwa pansi usanafike.

"Amai dokotala alasa nyelele!" anafuula mayi wina, ndipo anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa.

AMweemba anafotokozera gulu kuti chipolopolo chimayenda chowongoka, koma muvi wolemera umatsika msanga. Anapotokola timabatani ta galasi, n'kundiuza kuti ndiloze pamwamba. Wachiwiri unakhudza thunthu kumunsi. Wotsatira unalowa m'bwalo, pakatikati, ndipo azimayi anaimba nthungululu. Mayi uja anandipepesa mokweza, akuti nyerere zakhululuka. Ndinafuna kutsimikiza kuti sinali ngozi, choncho ndinalasanso. Muvi unapita kumanzere. Ndinalasanso ndikuloza malo omwewo, unapita kumanja. Nditayang'ana bwino ndinaona kuti kamtanda kapendekeka. Ndisanaganize chochita, aMweemba anati tiyese komaliza tione. Uta utagwedezeka ndinamva kanthu kakulira m'kati mwa galasi ngati kamchenga m'botolo, ndipo nditayang'ana, timizere tija panalibe.

Kuseka kunatha. Ndinamasula Diso ndekha n'kulipereka kwa aZuze ndi manja awiri, osatha kuwayang'ana kumaso. Iwo sanalisuzumire n'komwe. Analilowetsa mu sokisi, n'kuika m'thumba, n'kunena kuti, "Ng'ombe ikali moyo." Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Mnansi uja anati abwera mawa dzuwa likakwera.

Tinabwerera pakhonde tili khuma. Amai Lozaliya anatipatsa madzi akumwa, n'kuima patsogolo pathu manja ali m'chiuno. Mawu awo anali atabwerera.

"Imwe anthu ophunzila, na imwe aZuze, tsiku lonse mufuna kuona Sabata patali. Ndani anakuuzani kuti Sabata amaonedwa patali? Ine nimamuona pafupi tsiku na tsiku."

Zinapezeka kuti chiyambire ngoziyo, m'mawa uliwonse iwo ankapita okha kunkhalango kuja ndi beseni la gaga ndi ndowa ya madzi. Sabata ankatuluka n'kudya iwo ataima pomwepo. Mwendo wokha ndiwo sankalola kuti augwire. AZuze anadzuka pampando. "Mkazi iwe, ukanafa!"

"Nanga muganiza akali moyo na chani, na mapemphelo anu?"

AMweemba anaseka mpaka kutsamwa madzi. Koma amai Lozaliya atanena maganizo awo onse, kuseka kunawathera. Iwo anati Sabata amathamangitsa mabuluku ndi zingwe, koma chitenje chawo amachidziwa. Andiveke zovala zawo, iwo atsogole ndi beseni, ine ndibwere kumbuyo kwawo nditabisa uta. AMweemba anati malamulo a ntchito salola kuika mwini chiweto patsogolo pa nyama yovulala, ndipo ananena zoona. Anandiyang'ananso monga anachitira m'mawa. Nthawi ino sindinachedwe kuyankha. Ndinaona kuti mayiyu apita ndithu m'mawa, kaya ine ndilipo kaya palibe, ndipo kunali bwino apite ndi jakisoni kumbuyo kwawo kusiyana ndi kupita ndi gaga yekha. Madzulo amenewo ndinayesera kulasa thunthu lija ndili pafupi, popanda galasi, ndipo sindinaphonye.

M'mawa mwake, kumunsi kwa dambo

Amai Lozaliya anandivula ovolosi yanga ya ntchito n'kundiveka chitenje chawo cha kumunda, duku lawo ndi juzi yawo yonunkha utsi ndi gaga. Anandipaka gaga wonyowa m'manja ndi m'khosi. "Sopo wanu uyu wa ku tauni angatiphetse, amake Taonga." Nsapato anati ndivule. Amuna tinawasiya kuseri kwa chulu china, atauzidwa kuti wotsokomola adzalima munda wonse ndi khasu.

Tinayenda m'mame. Iwo anali patsogolo, beseni pamutu, akuimba nyimbo yawo ya madzulo aliwonse ngati akupita kuchitsime. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni, ndikuponda m'mapazi awo, uta uli pansi pa chitenje china chimene ndinafunda.

"Sabata! Bwela, mwanangu. Bwela, chitsilu changa choponda mawaya."

Minga inagwedezeka, ndipo anatuluka akuyenda ndi miyendo itatu. Anali ataonda, maso ofiira. Anaima n'kutukula mphuno. Anayang'ana mayi wake, kenako anayang'ana ine, mayi wachiwiri amene sanamuyembekeze. Anapalasa pansi kamodzi. Pamenepo khalidwe langa la kusukulu linandithandiza, poti palibe amene amadziwa kuima ngati kulibe kuposa mwana amene sakufuna kulozedwa ndi aphunzitsi. Ndinayang'ana pansi n'kuuma. Amai Lozaliya anatula beseni osaleka kulankhula. Anamuuza za mvula imene ikubwera, za Lolemba amene akulira yekha m'khola, ndi za manyazi amene watichititsa pamaso pa alendo a ku boma. Sabata anatsitsa mutu n'kuyamba kudya. Fungo la bala linandifika, ndipo ndinkamva mpweya wake ukuuluza gaga m'beseni.

Ndinasuntha pang'ono chammbali kuti ndione thako lake, ndinatukula uta, n'kukoka kachitsulo. Muvi unalowa pamnofu weniweni. Sabata analumpha, anagubuduza beseni, n'kutembenukira kwa ife nyanga zili pansi. Amai Lozaliya anandigwira dzanja mwamphamvu kuti ndisathawe, n'kumukalipira ngati mwana wotaya chakudya. "Iwe! Gaga wanga!" Sindikudziwa ngati anamva mawuwo kapena mwendo ndiwo unamuletsa, koma anaima. Tinaima tonse atatu tikuyang'anana kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako mutu wake unayamba kulemera, dovu linatuluka, miyendo inapindika, ndipo anagwada pansi ngati ng'ombe yofuna kubzikula.

Amuna anabwera akuthamanga, aMweemba patsogolo ndi bokosi la mankhwala, chipewa chitatsala m'minga. Tinamukhazika pachifuwa kuti mimba isatupe, ndipo ndinamuphimba kumaso ndi chitenje chija ndinafunda. Waya unali utalowa kwambiri, koma fupa ndi mtsempha waukulu zinali zamoyo. AZuze anaudula okha ndi pulayala. Mnansi wa gogodela uja ndiye anagwira mwendo pamene ndinkatsuka bala, ndipo mfuti yake anaiiwala pachulu mpaka madzulo. Titamubaya mankhwala a bala ndi omudzutsa, tinabwerera m'mbuyo n'kudikira. Sabata anagwedeza makutu, anadzuka movutika, anayang'ana anthu onsewo, n'kupita kukanyambita gaga amene anataya. AMweemba, munthu wa imvi, mkulu wa boma, anavina gule wa kwawo m'matope ali ndi jakisoni m'manja. Amai Lozaliya anatola beseni n'kuyamba ulendo wa kumudzi, ndipo ng'ombe inawatsatira ikutsimphina mpaka m'khola.

Mvula itakhazikika

Sabata sanalime mvula yoyamba. Anansi anabwereka aZuze ng'ombe yoti ikoke ndi Lolemba pa munda wa chimanga. Koma pofika nthawi yopalira ndi ng'ombe, anali m'goli, akutsimphina pang'ono, ndipo anakoka zaka zina zambiri. Uta wamfuti unabwerera m'sitolo. Anzanga a m'madera ena atamva nkhaniyi ankandifunsa ngati galasi la mfuti lingagwire pa uta wotere. Ndinkawauza zimene ndinaona basi: limaonetsa zazikulu kwambiri pa chinthu chapafupi, kamtanda kake sikadziwa kuti muvi umatsika, ndipo lathu silinapirire kugwedezako ngakhale tsiku limodzi. Mwina latsopano lolimba lingapirire. Ine ndinayesa limodzi lokha, ndipo linali la mwini.

Nkhani ya Diso inkandilemera. Ndikapita kukatsuka bala ndinkacheza ndi amai Lozaliya m'khola n'kuchoka msanga. Tsiku lina m'mawa ndikukankha njinga, ndinamva aZuze akundiitana ali pachulu chawo. Ndinakwera ndikuyang'ana mapazi anga. Anali ndi Diso m'manja.

"Amake Taonga, onani."

Ndinaliika padiso. Dambo linali lobiriwira, lowala ndi madzi a mvula. Ndinaona Sabata ndi Lolemba akudya moyandikana, ndi amai Lozaliya akuwoloka kamtsinje atakweza chitenje, pakamwa pakuyenda ngakhale anali okha. Galasi linkaona bwino ngati kale. Pansi penipeni panali kachitsotso kakuda, timizere tija titagwera pamenepo, koma pakati ponse panali poyera.

"Zaka zonse izi," anatero aZuze, "nikayang'ana mkazi wanga, pali kamtanda pachifuwa. Nikayang'ana ana, kamtanda. Ng'ombe, kamtanda. Ninayesa kukachotsa na singano, sikanachoke, kali m'kati." Anatenga Diso n'kuyang'ananso kudambo nthawi yaitali, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Koma lomba lino niona chabe anthu."

Tinakhala pachulupo osalankhula, monga mwa chizolowezi chathu, tikupatsirana galasi, mpaka amai Lozaliya anatiwona ali kutali n'kuyamba kutikalipira ndi manja kuti tiyi akuzizira.

Ndiye ana anga, mukadzamvanso wina akunena kuti amai anu analasa njati ali kutsidya kwa mtsinje, musamutsutse pagulu, poti mungamuchititse manyazi. Mudzamuitanire pambali n'kumuuza kuti inali ng'ombe yolimira, dzina lake Sabata, ndipo ndinali pafupi moti gaga wake anandigwera kumapazi, nditavala chitenje cha eni ake.